Uchi pa Nkhuku ya Amai Daka

Anandilanda sukulu. Mayeso a giledi seveni ndinakhoza, koma amalume amene ankandisunga ku Petauke anati mwana wawo ndiye apite ku sekondale, ine ndizilima. Ndinalima dzinja limodzi, kenako ndinakwela lole ya chimanga mpaka ku Nyimba. M'mbali mwa msewu munali nyumba ya alendo, ndipo wophika wake, a Sakala, ankafuna wotsuka mapoto. Anandiyang'ana zikhadabo basi. "Kawenge izo, uyambe mailo."

Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene shuga ndi mafuta ophikila tinkachita kuziimila pamzele. A Sakala anandiphunzitsa kuyatsa mbaula popanda palafini, kunola mpeni pamwala, kusinja nshawa ndi kusefa nsinjilo. Sindinkawakonda. Chilichonse chimene ndagwila ankachilawa.

Tsiku lina kunabwela a Daka, kalaliki wa ku boma. Loweluka ankakwanitsa zaka makumi awili m'banja. Akazi awo anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo kuyambila pamenepo ankadya paokha, kambale kawo pambali, mwamantha.

"Ndifuna tidye mbale imodzi monga kale," anatelo a Daka. "Asaope kanthu."

A Sakala anasankha nkhuku yakumudzi yowotcha pamakala, yopakidwa mandimu, adyo ndi kamchele, chibwabwa chotendela, impwa, kansima kochepa ka mapila, ndi tiyi wopanda shuga. Ine ndinaona ngati chakudya cha m'chipatala. Chikondwelelo chanji chopanda chotsekemela? Ndinali ndi kabotolo ka uchi wa ku Kacholola. Kwathu uchi ndi mankhwala: chifuwa uchi, bala lamoto uchi. Shuga amene ndinkamudziwa ndi wa m'paketi. Loweluka lija, a Sakala atatuluka kukathyola mandimu, ndinapaka nkhuku yonse, mpaka mkati momwe tinachekacheka. Inafiila bwino, ndinadziona katswili.

Atabwela anaikhudza ndi chala n'kulawa.

"Wapaka chiyani?"

"Uchi chabe. Si shuga."

"Magazi a amai aja sadziwa za njuchi, iwe. Akanadya chifukwa amuna awo anena kuti zili bwino. Akanadwala, ndipo mbale ya bambo aja sakanaikhudzanso."

Inali folo koloko, ndipo alendo ankabwela sikisi koloko. Ndinavula epuloni. "Ndichotseni basi, ndazolowela."

"Ukachoka, nkhuku ibwela yokha? Tenga njinga."

Ndinapalasa mpaka kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndinabwela ndi tambala akulila pahandulo. Ndinamupha, kumuviika m'madzi otentha, kumusosola. A Sakala anandionetsa kudula msana ndi kuiyala nkhuku ngati buku, kuti ipse msanga mpaka kumafupa. Sanandigwilile mpeni. Anangoima pambali, akukupiza makala ndi chivundikilo cha poto.

A Daka anafika atavala jekete, amai atamanga duku latsopano. Tinaika mbale imodzi yaikulu pakati pawo. Amai anasamba m'manja, koma dzanja linaima m'mwamba.

"Mwathilamo chiyani, bambo?" anatelo akuyang'ana a Sakala.

A Sakala anandikankhila kutsogolo. "Wophika ndi uyu, mufunseni."

Ndinatchula zonse: mandimu, adyo, mchele, nshawa, mapila. Amai anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako anatema nsima. A Daka anabenthula ntchafu n'kuwaikila kumbali kwawo.

"Zaka makumi awili, lelo ndiye mukumbuka kundipatsa ntchafu," anatelo amai, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku.

Amalume sindinawakhululukile, ndipo sindinamizila. Koma a Sakala ndimawathokoza, ngakhale sindinawauze ali moyo. Tsopano ndine wophika pandekha. Ndisanaponye kanthu mumphika, ndimayamba ndadzifunsa ngati ndingakatchule pamaso pa wakudyayo. Ngati sindingathe, kamabwelela pashelefu.