Muyeso wa Dzanja la Tadala

Ndikawakumbukira a Che Amidu, chimayamba kundifikira ndi fungo la mafuta a makina osokera, losakanikirana ndi la palafini komanso la nsalu yonyowa imene simbi yangodutsapo. Kenako ndimamva kulira kwa makinawo kukudutsa m'malata amene ankalekanitsa chipinda chawo ndi chathu, kuseri kwa nyumba ina ku Nyanga, kutali kunja kwa dziko lathu, mvula ya mu Julaye ikugwa chopingasa chifukwa cha mphepo, mchenga ukulowa pansi pa chitseko ngakhale titatsekapo ndi chiguduli. Anali telala wochokera ku Machinga, wamtali, wa ndevu zoyera za pachibwano pokha, ndipo tepi yoyezera inkachoka m'khosi mwawo nthawi yopemphera basi. Panalibe ubale pakati pathu. Iwo anali Msilamu, ife Akhristu a ku Ntcheu, koma bulauzi yoyera imene amayi ankavala ku mapemphero a amayi Lachinayi anasoka ndi iwowo, ndipo ine ndi mlongo wanga Tadala tinkawatcha agogo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Tadala zisanu ndi zitatu. Bambo athu anali atamwalira tisanachoke kumudzi. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Durbanville, ndipo tsiku lina anabwera ndi kompyuta yakale imene abwana awo anafuna kutaya, pamodzi ndi katoni ya mawaya opiringizana. Pansi pa katoniyo panali padi yakuda ya gemu ya pa TV, ija amagwira ndi manja awiri. Makina ake a gemuyo munalibemo.

M'kompyutamo munali gemu imodzi yokha, ya mpikisano wa magalimoto, yosewera ndi kiyibodi. Ine ndinaidziwa sabata imodzi. Koma Tadala anabadwa ndi dzanja lamanja lopinda, zala zake zofumbata, ndipo gemuyo inkafuna manja awiri: lina loongolera, lina loponda moto ndi buleki. Galimoto yake inkawomba khoma pakona yoyamba, ine n'kumulanda kiyibodi, iye n'kuyamba kulira. Sukulu inali itatsekedwa, ndipo amayi sankatilola kusewera kutali ndi pakhomo, choncho kulirako kunali kwa tsiku ndi tsiku.

Lachitatu lina amayi anafika atatopa n'kupeza maso a Tadala ali ofiira. Sanakalipe. Anangovula nsapato n'kunena kuti, "Chinthu ichi ndinabweretsa kuti musangalale nonse awiri. Chikapitiriza kuliza mwana, chipita kwa amalume anu ku Ntcheu. Galimoto ya katundu inyamuka Loweruka la sabata yamawa."

Ndiyenera kunena zoona: sindinkaganiza za Tadala. Ndinkaganiza za kompyuta. Ndinaona kuti padi ija ikagwira ntchito, mwina adzasewera pang'ono, adzaleka kulira, ndipo amayi adzaiwala za ku Ntcheu. Vuto linali pulagi yake. Inali yotambalala ngati kukamwa kwa mlamba, pamene mabowo a kumbuyo kwa kompyuta anali ang'onoang'ono. Ndinaganiza zodula waya wa padiyo n'kuulumikiza ku waya wa mausi yakufa imene inali m'katoni muja. Mpeni wa amayi unali wobuntha, ndiye ndinapita kukagogoda kwa agogo.

"Agogo, mundibwerekeko sizasi."

Sanaimitse makina. "Ukufuna kudula chiyani, Che Lonjezo?"

"Kawaya basi."

Apa makina anaima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali ndithu. "Sizasi iyi chiigulireni sinalumepo ngakhale pepala. Iwe ukufuna uidyetse waya? Tabweretsa ndione."

Ndinabweretsa padiyo. Anaitembenuza m'manja mwawo, anadina apa ndi apo, anaiyandikiza kukhutu n'kuigwedeza, kenako anawerenga timano ta m'pulagimo ndi nsonga ya pensulo. Anandifunsa kuti waya wa mausi uli ndi tingati m'kati mwake. Sindinkadziwa.

"Ndiye ukufuna kudula usanawerenge," iwo anatero. "Ine za makompyuta sindizidziwa. Koma nsalu ikadulidwa siibwerera. Ngati azungu anapanga kukamwa uku ndi kukamwa uko, alipo wina amene anapanga chapakati. Lachisanu ndikupita ku Bellville kukagula zipi. Ukapemphe kwa amayi ako kuti tipitire limodzi."

Lachisanulo tinakwera takisi pa renki ya ku Nyanga, padi ili m'thumba lawo la zipi. Iwo anayamba alowa mumzikiti, ine ndinakhala panja pafupi ndi nsapato za anthu, n'kumadabwa kuti aliyense adzazindikira bwanji zake. Atatuluka tinayamba kuyenda m'mashopu a Asomali ndi Atchaina, odzaza mabulangete, mapoto ndi machaja a mafoni mpaka kudenga. Chizungu cha agogo chinali chochepa, koma sankachita nacho manyazi. Ankangoika pulagi pa kauntala, n'kuloza bowo la kompyuta ya mwini shopu, n'kugundanitsa zala zawo ziwiri. Mashopu awiri anapukusa mitu. Mu yachitatu mnyamata wina anakwera pampando n'kutsitsa kabokosi kabuluu kafumbi, kotambalala kukamwa mbali imodzi, kwinaku kali ndi waya wolowa m'kompyuta. Anati dzina lake ndi adaputa. Agogo anakana kuchoka mpaka pulagi italowetsedwa pomwepo, iwo akuona.

"Chovala amachiyesa telala ali pomwepo," anandinong'oneza.

Titafika kunyumba anasiya ntchito yawo n'kubwera kudzakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi kompyuta. Nditalowetsa waya, kompyuta inalira kamodzi n'kulemba kuti yapeza chipangizo chatsopano koma sikuchidziwa. M'paketi ya adaputa munali kachimbale kakang'ono. Ndinakaika, ndinadina zimene inkandiuza kudina, ndipo patapita kanthawi panatseguka kawindo kokhala ndi timadontho tofiira khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi nambala yake, ndi kamtanda pakati pa bokosi. Nditadina batani la padi, kadontho kamodzi kanawala. Nditapendeketsa kandodo ka chala chachikulu, kamtanda kanayenda.

Agogo anandilanda padiyo ngati mwana. Anadina, kadontho kanawala. Anasiya, kanazima. Anabisa padi kumbuyo kwawo n'kudinanso, kuti aone ngati kompyuta ikuwaona ndi maso.

"Ndiye ikudziwa bwanji kuti ndadina pano osati apa?"

"Batani lililonse lili ndi nambala yake, agogo."

"Ehe. Ndiye kuti mayina athu ilibe nawo ntchito." Anatulutsa kabuku kawo ka miyeso, kaja ankalembamo mapewa ndi ziuno za anthu, anatsegula tsamba latsopano, anajambula padi, n'kuyamba kulemba nambala pa batani lililonse.

Koma titatsegula gemu, galimoto sinasunthe. Gemuyo inali yakale, inkamva kiyibodi yokha. Masiku atatu ndinavutika nayo, mpaka bambo wina wa pamalo a intaneti pafupi ndi renki anandiikira kapulogalamu pa fulashi. Ntchito yake inali youza gemu kuti batani lakuti la padi ndi chilembo chakuti cha pa kiyibodi. Nditawafotokozera agogo, anagwedeza mutu.

"Ndi wotanthauzira ameneyo, ngati uja amaima pambali pa abusa anu akabwera mlendo."

Lachinayi masana ndinakonza zonse mmene anzanga a kusukulu ankaseweretsera mapadi: chala chachikulu chakumanzere kuongolera, chakumanja kuponda moto ndi buleki. Galimoto inanyamuka. Ndinazungulira bwalo katatu osagunda khoma, agogo akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Kenako ndinakumbukira chimene ndinayambira zonsezi, n'kumupatsa Tadala.

Anaika padi pamiyendo. Inatsetsereka, ndinamutolera. Anaongolera ndi dzanja lamanzere, koma galimoto inangoima pamzere woyambira, mawilo akutsogolo akutembenukira uku ndi uku, chifukwa batani la moto linali kumanja kumene zala zake sizinkatambasuka. Magalimoto ena onse anapita. Ndinkayembekeza kulira, koma sanalire. Anaika padi pansi bwinobwino n'kunena kuti, "Kompyutayi ingopita ku Ntcheu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kulira konse kwa masabata aja.

Agogo anayang'ana padi ili pansipo. Kenako anandifunsa mosakweza mawu, "Malayawa wasokera ndani, Che Lonjezo?"

Iwo anatsika pa ndowa paja, anagwada pamaso pa Tadala mawondo awo akulira, n'kuchotsa tepi m'khosi. Ankakonda kumuitana mwaulemu wa kwawo, ndi dzina la bambo athu.

"Abiti Phiri, mundilole ndikuyezeni."

"Mundisokera diresi?"

"Diresi idzakhala ya Khirisimasi, lero ayi. Tambasulani dzanja ili."

Anayeza dzanja lamanzere kuchokera pa chala chachikulu kufika pa cholozera, n'kulemba. Anamupatsanso padi ndi kumuuza kuti aigwire mmene akufunira iye mwini, osati mmene anaonera kwa ine. Kenako anangokhala n'kumayang'ana. Sindinaonepo munthu akuyang'ana dzanja lopinda la Tadala nthawi yaitali choncho. Anthu ambiri ankaliona kamodzi n'kuyang'ana kumbali, ndipo ine ndinali nditalizolowera moti sindinkalionanso.

"Taona," anandiuza, akuloza ndi pensulo. "Chala cholozera chakumanzerechi chagona chokha pa batani la pamwamba. Nambala yake ndi chiyani?" Anayang'ana m'kabuku. "Faifi. Moto uike pa faifi."

"Agogo, moto sukhala pamenepo."

"Ananena ndani?"

"Aliyense amaika kumanja."

"Aliyenseyo akabwera tidzamuyeza nayenso. Ika pa faifi."

Ndinaika. Kenako anandionetsa chinthu china. Tadala akafuna kugwiriziza padi, nkhonya yake yakumanja inkagwera pa mabatani anayi a mbali imeneyo, nthawi zina ili, nthawi zina ilo, nthawi zina awiri pamodzi. Anafunsa ngati wotanthauzira wathu uja angavomere kuti mabatani anayi onsewo azinena chinthu chimodzi. Sindinkadziwa. Ndinayesa, ndipo anavomera. Onse anayi anakhala buleki, kuti nkhonya ikagwera paliponse galimoto iime.

Chotsala chinali kutsetsereka kuja. Lachisanu m'mawa makina analira kuseri kwa malata, ndipo asanapite ku mzikiti agogo anabweretsa kapilo kopangidwa ndi zidutswa za nsalu za makasitomala awo, chitenje apa, khaki ya yunifolomu apo, kali ndi malamba awiri a lasitiki ogwira padi ndi lamba wina womanga m'chiuno. Anamumanga Tadala okha, anakokakoka kuti aone ngati kakuthina, n'kumapita.

Madzulo amayi analowa ambulera ikudontha madzi, ndipo anaima pakhomo chikwama chili m'manja. Tadala sanawaone. Lilime linali panja, nkhonya ikugwa pa padi pakona iliyonse, galimoto yake yofiira ikuyenda mokhotakhota pakati pa msewu. Inafika pomaliza magalimoto ena onse atafika kale, koma inafika.

"Amayi, ndamaliza," anatero.

Amayi anaika chikwama pansi. "Tayambanso ndione," anatero, n'kukhala pamphasa osavula ngakhale jekete yonyowayo. Loweruka galimoto ya katundu inanyamula katoni ya zovala zokha.

Kwa masabata angapo ine ndi amene ndinkavutika, chifukwa padi inali ya muyeso wa Tadala ndipo zala zanga zinkasochera. Pambuyo pake ndinatulukira kuti kapulogalamu kaja kankatha kusunga makonzedwe awiri. Agogo atamva anati umu ndi mmenenso kabuku kawo kalili, munthu aliyense tsamba lake. Amodzi tinawatcha Lonjezo, enawo Abiti Phiri.

A Che Amidu anabwerera ku Machinga ndili ku sekondale, maso atayamba kuwavuta, ndipo uthenga wa maliro awo unatipeza patapita miyezi. Tadala ndi wamkulu tsopano, kapilo kaja akadali nako. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta ku Bellville, pafupi ndi mashopu amene tinayendamo tsiku lija, ndipo munthu akabweretsa chinthu ndimamupempha kaye kuti achigwiritse ntchito ine ndikuona.

Komabe phunziro limaiwalika pamene likufunika kwambiri. Mkazi wanga Chifundo anatisiya zaka ziwiri zapitazo, Mulungu atamuitana mwana wathu Mwayi ali ndi zaka zitatu. Miyezi yoyamba Mwayi ankavuta kudya. Phala linkatayikira pa malaya, iye n'kukankha mbale, ine n'kumaganiza kuti ndi chisoni, n'kumapemphera kuti chimuchoke. Chisoni chinalipodi. Koma m'mawa wina, nditamugwiritsa supuni monga mwa masiku onse, ndinakhala pansi n'kungoyang'ana manja ake. Anadikira kuti aone ngati ndimuletsa. Kenako anasamutsa supuniyo kuchoka kumanja kupita kumanzere, n'kudya phala lonse. Mayi ake ankadziwa kuti ndi wamanzere. Ine ndinali ndisanamuyeze.

Kuyambira tsiku limenelo supuni ndimaika pakati pa mbale, kuti atenge yekha.