A Kalinde ndi Uthenga wa Pardon

A Edmund Kalinde ankaphunzitsa utolankhani pa yunivesite ina mu Harare, koma ku St Mary's, komboni ya kunja kwa mzindawo kumene anabadwira, palibe amene ankazitenga ngati nkhani. Azakhali awo, a Felista, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pakathebulo ka pageti, ankawaseka poyera. "Mtolankhani wanji wosamveka pa wailesi?" ankatero. Mpaka imvi zinayamba kuwamera a Kalinde akungotchedwa Ticha, ngati munthu wophunzitsa tiana kuwerenga.

Anayamba ntchitoyi dola ya ku America itangolowa, pamene masitolo anadzazanso ndipo ophunzira anabwerera m'makalasi. Nyuzipepala imene ankalembera kale inali itatsekedwa. Pa yunivesitepo anawalonjeza situdiyo, ndipo situdiyo anaipezadi: chipinda chokhala ndi chikwangwani chokongola pakhomo, m'kati muli kamera imodzi imene batire lake linafa kalekale. Za pa wailesi ankaphunzitsa atagwira chofufutira bolodi m'malo mwa maikolofoni, munthu wamkulu ndi jekete lake kumalankhula ndi chinthu chotuluka fumbi la choko. Zimenezi zinkawapweteka, koma ankapirira.

Chimene sankatha kupirira chinali china. Chaka chilichonse ankaphunzitsa lamulo limodzi limene ankalikonda kuposa onse, lakuti dzina kapena nkhope ya munthu wakufa sizituluka m'nkhani abale ake asanauzidwe. M'mabuku lilimo, koma iwo sanaliphunzire m'buku. Bambo awo, amene anachokera ku Ntcheu n'kudzakalambira ku St Mary's, ndiwo ankatumidwa kukanena maliro m'makomo a anthu akwathu. Ankavala jekete, n'kutenga mnzawo mmodzi, chifukwa uthenga wotere suyenda ndi munthu mmodzi. Akafika ankakhala pansi, kupempha madzi, kufunsa za moyo. Kenaka ankati uje wadwala. Ankadikira. Ankati matenda akula. Ankadikiranso, kuti mtima wa womvayo uyambe wokha kutsetsereka, ndipo pomaliza ndi pamene ankati watisiya.

A Kalinde akafotokoza zimenezi m'kalasi, ophunzira ankamwetulira mwaulemu, zala zili pa mafoni pansi pa madesiki. Amene ankayankha anali Hazel, mtsikana wa ku Zengeza 4, wanzeru kuposa onse komanso wosaopa. "But Sir," anatero tsiku lina, "pamene inu mukumwa madzi, Facebook inenge yatopedza, imakhala itamaliza kale." Kalasi yonse inaseka. A Kalinde anakwiya, makamaka chifukwa mwanayo sananame.

Lachinayi lina masana, ali mu ofesi kuchonga mayeso, foni yawo inalira. Unali uthenga wa Hazel: "Sir, ndini ndatanga, ndine woyamba! Accident pa Seke Road." Pansi pake panali chithunzi chimene anali ataika kale pa Facebook. Kombi, minibasi yonyamula anthu, inaphonya msewu n'kugunda munthu wogulitsa makadi a foni pamphambano. Munthuyo anali gone chagada, atavala kabibu kachikasu ka ogulitsa makadi, nkhope ili poyera. Anali Pardon, mwana yekhayo wamwamuna wa a Felista.

A Kalinde anachita zimene ankaphunzitsa: nkhani usaikhulupirire usanaitsimikize. Anaimba nambala ya Pardon. Anayankha munthu wachilendo, wapolisi, amene anafunsa ngati iwo ndi mbale, kenaka anawauza kuti thupi lapita kale ku mochale. Atatero anaimbira Hazel.

"Chotsa chithunzicho. Panopa."

"Sir? Koma ndi nkhani yoona, ndaona ndi maso anga."

"Ndi msuweni wanga ameneyo. Mayi ake sanamve."

Mtsikanayo anayamba kulira. Anati achotsa, koma anthu agawana kale, chafika m'magulu a WhatsApp amene iye sakuwadziwa n'komwe. A Kalinde anadula foni asanalankhule mawu oti n'kudzachita nawo manyazi.

Bambo awo anamwalira kale, choncho wamkulu pabanjapo anali iwo. Uthengawu unali wawo, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: kuti afike kwa azakhali awo chithunzicho chisanafike. A Felista analibe foni yoonetsa zithunzi, koma panyumba pawo panali anthu a lendi, ndipo pageti pankaima aliyense wofuna tomato. Kuwaimbira sakanatha, mayi wokalamba wa BP samuuzira imfa ya mwana pa foni. Anayesa kuimbira mnzawo wa a Felista, Mai Tabeth a Mvano, kuti apite akakhale nawo pafupi, koma foni yawo inali yozima. Magetsi ku St Mary's anali atapita kuyambira m'mawa. Zimenezi zinawapatsa kachiyembekezo koipa, kakuti mwina mafoni onse a mumsewuwo afa nawo.

Anatenga jekete pachitseko n'kuthamangira ku renki ya makombi. Kombi ya ku St Mary's anaipeza, koma kombi siinyamuka chifukwa munthu ali ndi chisoni. Inali kudikira kudzaza. Kondakitala ankakuwa panja mosafulumira, dalaivala akudya chimanga chootcha. A Kalinde anapempha kuti alipirire mipando yotsalayo. Kondakitala anavomera, n'kulandira madola ofewa ngati nsanza aja, koma anapitirizabe kuitana anthu, nawonso n'kulowa. Munthu wophunzitsa pa yunivesite anangokhala mwakachetechete, mawondo ali pachibwano, akutukwana mumtima.

Atanyamuka, mayi amene anakhala nawo pafupi anatulutsa foni yake n'kuyamba kupukusa mutu. "Maiwe, zvakaoma, zavuta," anatero, n'kuwatembenuzira foniyo kuti nawonso aone. Pardon anali pomwepo, m'manja mwa munthu wosamudziwa, pakati pa uthenga wa pemphero ndi chithunzi cha keke.

"Amai, mukumudziwa munthuyo?" anafunsa a Kalinde.

"Ayi."

"Nanga mukumuonetseranji?"

Mayiyo anawayang'ana ngati amisala, n'kupereka foniyo kwa a mpando wakumbuyo. Inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumapeto kwa kombi. Wina anati anthu ogulitsa m'misewu amadziputira okha. A Kalinde analuma mano. Zaka zonsezi akhala akulankhula ndi chofufutira bolodi, ndipo dziko lonse lasanduka atolankhani popanda wolowa m'kalasi mwawo. Podutsa pamphambano paja anaona magalasi osweka ndi mchenga umene anathira pamsewu, ndipo ogulitsa makadi ena anali atayambiranso ntchito.

Anatsika pa masitolo a Chigovanyika n'kuyamba kuyenda mwandawala, akudumpha madzi oipa otuluka m'mapaipi. Anthu owadziwa ankawapatsa moni, iwo n'kumayang'ana nkhope iliyonse kuti aone ngati yamva. Atakhota kulowa mumsewu wa azakhali awo, anatchera khutu. Kunalibe kulira. Mtima unagunda ndi chimwemwe chochititsa manyazi, poganiza kuti afika msanga.

Kenaka anaona kathebulo ka pageti. Tomato anali atavundikiridwa ndi chiguduli dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene a Felista sanachitepo. M'mipanda ya nyumba zoyandikana munaima azimayi, atamanga zitenje, manja ali pachifuwa, osalankhula. Mmodzi wa lendi anawachingamira pageti, maso ali pansi.

"Vatoona, Ticha, aona kale," ananong'ona. "Munthu wina wogula anawaonetsa. Koma akana kulira. Atiletsa kulowa. Akuti akudikira inu."

A Kalinde analowa pageti. Anagogoda pachitseko chotsegula kale.

A Felista anali atakhala pamkeka pakati pa chipinda, miyendo atatambasula, mpango atamanga bwinobwino. Patsogolo pawo anali ataika mpando umodzi, ndipo pambali pa mpandowo panali kapu ya madzi. Nkhope yawo inali youma ngati ya munthu amene wanyamula ndowa yodzaza ndipo akuopa kuitaya.

"Lowa, Edi. Khala."

Anakhala. Anafuna kupepesa, kunena za kombi, za mwana wa sukulu, za zonse, koma azakhaliwo anakweza dzanja.

"Anthu andionetsa zinthu pafoni. Ine sindinamve kanthu. Mwana wanga sindinamuberekere pafoni ayi. Ngati uli ndi mawu, undiuze iweyo, monga ankanenera achimwene, bambo ako."

A Kalinde anatenga kapu ija n'kumwa, madzi akutayikira pa jekete. Mwambo umene anaufotokoza kambirimbiri pamaso pa ana oseka unawathawa pakamwa, ndipo anachita kuufunafuna.

"Mwaswera bwanji, Tete?" anatero, powatchula azakhaliwo monga amatchulira kumeneko.

"Ndaswera. Kaya iwe."

"Ndaswera." Anaika kapu pansi. "Tete, Pardon wavulala kutauni. Galimoto."

"Eya."

Anadikira, monga ankadikirira bambo awo. M'thumba foni inkanjenjemera osaleka, iwo osaigwira.

"Wavulala kwambiri, Tete. Zinthu sizili bwino."

"Eya," anatero a Felista, mawu akuchepa. Zala zawo zinagwira m'mphepete mwa mkeka.

"Tete, Pardon watisiya."

Mayiyo anagwedeza mutu kamodzi, ngati akuthokoza. Kenaka anatsegula pakamwa n'kuitana dzina la mwana wawo ndi mawu amene anamveka mpaka kumsewu, ndipo azimayi aja anayamba kulowa pageti.