Tebulo Lomwe Linakana Kutuluka

Amuna anga anzawo akuntchito amawatchula kuti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'thumba mwawo. Ntchito yawo ndi yokonza mapaleti, timatabwa tija amasanjikapo katundu kuti makina anyamule. Ndi munthu wofatsa, koma akangonena kuti "ndayeza", musalimbane nawo, mungotaya malovu pachabe.

Tinafika m'dziko la eni lino ndi masutikesi awiri okha, ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Tinapeza kanyumba pansanjika yachitatu: chipinda chimodzi, khitchini, ndi kanjira kamkati kopanikiza moti anthu awiri simungapatukirane. Tinkadyera pa katoni. Tsiku lina katoniyo inaphwasuka, msuzi wonse khuthu pamiyendo panga. Ndinalira ngati mwana, ndipo sikuti ndinkalirira msuziwo ayi. Ndinali nditapukwa kwathu.

Mawa lake amuna anga anabwera ndi thabwa limodzi mwa amene abwana awo anati atayidwe. Mkuja anabwera ndi lina. Mwezi wathunthu ankakwera basi thabwa lili kukhwapa, anthu akuwacheukira. Anapala, anasema, anamata ndi guluu m'khitchini momwemo, osakhoma msomali ngakhale umodzi.

"Tebulo ili, mayi a mwana, silidzagwedera," anatero akulisisita. "Tidzakalamba nalo."

Kunena zoona silinagwedere. Mwana wathu, amene timangomuti Kadoli, tinkamusambitsira pomwepo m'beseni. Anaphunzira kuima atagwira mwendo wake, ndipo atakula pang'ono kunsi kwake kunasanduka nyumba yake, yolowa wina pokhapokha ataodira. Inenso mayeso anga osamalira okalamba ndinawerengera pomwepo mpaka kukhoza.

Chaka chino, Kadoli atakwanitsa zaka zitatu, tinapeza nyumba yokulirapo, ya zipinda ziwiri, yopanda masitepe otithyola mawondo aja. Tsiku losamuka mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambowa, anabwera ndi kalole kake. Mayi eni nyumba anali atatiuza kuti pofika masana m'nyumba musatsale kanthu, chifukwa kukubwera openta. Bedi linatsika, makatoni anatsika. Tebulo linakana.

Anayesa chopingasa, anayesa chagada, analiimika. Miyendo iwiri ikatuluka, inayo inkagunda khoma la kanjira kaja. Thukuta kamukamu onse awiri.

"Achimwene," anatero mlamu akupuma mwawefuwefu, "kodi khomo ili munaliyeza?"

A Tepi anangodzikanda m'mutu.

Ine kudziletsa kunandikanika. "Aa, a Tepi athunthu! Munayeza zenera, munayeza mpaka chigongono changa, koma khomo lokha n'kuliiwala?" Ndinaseka mpaka kukhala pansi, mlamu nayenso nthiti zikumuwawa.

Amuna anga anangoyang'ana tebulolo. "Zosamuka sindinkaziganiza," anatero chapansipansi. "Ndinkangofuna kuti usiye kulira."

Phwete lonse linandithera pomwepo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinawakonda bambowa nthawi imeneyo kuposa tsiku laukwati.

Mlamu anati bwanji tingolisiya. Koma eni nyumba anali atanena kale kuti chotsala chilichonse chipita kudzala. Kadoli atamva anakwawira kunsi n'kukumbatira mwendo umodzi. "Langa ili!" anakuwa. Kuliphwasula kunali kosatheka, poti guluu wa a Tepi sachita zibwana.

Pamenepo bambowa anatulutsa tepi ija n'kuyeza khomo, patatha zaka zitatu. Analemba mzere pamwendo uliwonse, chikhatho chimodzi kuchokera pansi, natenga sowo. Ndinamunyamula mwana kuti asaone, koma amene ankafunika kubisidwa maso anali bambo ake. Anacheka miyendo inayi yonse, ndipo tebulo linatuluka bwinobwino.

Ndinatsalira kusesa utuchi. Pansi panali timabanga tinayi toyera pomwe miyendo inaima nthawi yonseyi. Ndinayenda m'chipinda, m'khitchini, ndinagwira khoma n'kunena mokweza kuti, "Zikomo, watisunga." Mundiseke ngati mukufuna. Kenako ndinatsika kukapereka makiyi.

Kunyumba yatsopano tebulo linakhala lalifupi, mawondo akugunda kunsi. Bambowa ankadya nkhope ili gwa, ngati adzudzulidwa pagulu. Ndiye Kadoli anabwera akuthamanga, naima pambali pa tebulo, chibwano chake n'kukhala pamwamba ndendende. Kanali koyamba kuona mbale zonse popanda womunyamula.

"Ababa, taonani! Ndakula!"

Ndinaona dzanja lawo likulowera kuthumba kuja kwa tepi, mwachizolowezi. Linaima panjira, n'kubwerera kukagwira mutu wa mwanayo.

"Wakuladi, mwana wanga," anatero. "Bwera udye."