Chipata cha Mayi Raine

Njira ya oyenda pansi, yochokera kunyanja ya kumadzulo kukathera kunyanja ya kum'mawa, imadutsa pakati penipeni pa busa la Mayi Doreen Raine kumapiri a Yorkshire, ku England. Iwo sanaipemphe. Anaipeza, monganso anaipezera bambo awo. Lamulo limati aliyense ali ndi ufulu wodutsa pamenepo, ndipo lamulolo n'labwino. Wotsutsa abwere tikangane. Chimene lamulo linaiwala n'kulamula kuti wodutsayo azinyamulako nzeru pamodzi ndi chikwama chake.

Mayi Raine anabadwira pafamupo, anakwatiwira pomwepo, ndipo amuna awo atamwalira anatsala ndi nkhosa, galu ndi mawondo olira. Moyo wawo wonse akhala akutola zimene apaulendo amataya, kumanganso mipanda ya miyala imene amagumula, ndi kuyankha moni wa anthu oganiza kuti mlimi ndi chokongoletsa phiri. Koma chimene chinawapsetsa mtima koposa sichinachitidwe ndi munthu woipa ayi. Chinachitidwa ndi munthu wakhalidwe.

Chilimwe chimenecho dzuwa linaswa mtengo, kasupe wa kubusa lakumtunda n'kuphwa. Choncho mayiwo anatsekula chipata cha pampanda, nachitsamiritsa ndi mwala, kuti nkhosa zizitsikira kumtsinje. Mwana aliyense wakumeneko amadziwa mwambo wake: chipata uchisiye monga wachipezera. Tsiku lina atatanganidwa ndi udzu wouma kumunsi, anakwera kumtunda dzuwa litapendeka, napeza chipata chotseka bwinobwino, chingwe chake chomangidwa mfundo yaudongo. Nkhosa zinali zitaunjikana pampanda, malilime kunja. Imodzi, mayi wa ana awiri, inali gone, osatukulanso mutu.

Anatsekula, nkhosa zinathamangira kumadzi, iwo n'kukwera njinga yawo yamoto ya mawilo anayi kulondola njira ija, mano ali gwa.

Anapeza mkulu wina wadazi atakhala pamwala, atavula jombo, akudya buledi ndi tchizi. Anali a Desmond Ackroyd a ku Bradford, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi.

"Inu bambo, mwadzera pachipata chakumtundaku?"

"Eya, ndipo musavutike kundithokoza," anatero a Ackroyd akumwetulira. "Chitsiru china chinachisiya pululu. Ndatseka ndine."

"Chitsiru chakecho ndine!"

"Pepani, koma ndiye mukhale osamala, mayi. Ziweto zimathawa."

"Zithawire kuti? Ku Bradford, zikakwere basi? Zimapita kukamwa madzi, bambo inu! Mwala uja munaganiza kuti wadzigubuduza wokha?"

Nkhope ya a Ackroyd inafiira. Nawonso sanali munthu wogonja msanga.

"Musandikalipire ngati mwana. Ine ndayenda njira za dziko lino tsitsi lidakalipo pamutupa, ndipo sindinasiyepo chipata chosatseka. Alimi inu mumadana nafe basi. Mukanatha mukanatitchingira ndi waya waminga. Njirayi ndi yathu tonse!"

"Njira ndi yanu, yendanipo mpaka zidendene zitupe. Koma chipata ndi changa, ndipo nkhosa ikufa uko si ya tonse ayi. Valani jombozo. Kwerani."

"Ndili pa ulendo ine. Kogona kwanga n'kutali."

"Kwerani, bambo wakhalidwe, mukaone khalidwe lanu."

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri amaiphonya. Munthu wosasamala umam'dziwa. Amasiya zinyalala, umatola. Woopsa ndi uja amene anaphunzira theka la mwambo n'kuliyesa chipembedzo. A Ackroyd anaphunzira kutseka. Kuyang'ana sanaphunzire.

Atafika anapeza nkhosa ija itauma kale, ana ake akuigunda ndi mphuno pofuna bere. A Ackroyd anavula chipewa, nayamba kupepesa.

"Musandipepese," anatero Mayi Raine. "Pepani sayamwitsa ana a nkhosa."

"Mukanaikapo chikwangwani," anatero mkuluyo motsitsa mawu.

"Ndinaikapo chaka chatha. Mnzanu wina anachizula, ati chikuipitsa maonekedwe a phiri."

Mayiwo anayang'ana njira ija. Kutali kunkaoneka ena awiri akukwera, ndodo m'manja, zikwama kumsana, ndipo mosakayika nawonso anali anthu oleredwa bwino. Mawa kudzabwera ena. Dzuwa silinkasonyeza kuti lileka.

Mayi Raine anatulutsa nyundo m'bokosi la panjinga.

"Gwirani uko. Nyamulani ndikamenya."

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikukuchotserani yesero."

Anamenya zitsulo zogwira chipatacho mpaka chinasomphoka. Awiriwo anachinyamula akupuma mwawefuwefu, nakachigoneka m'udzu kuseri kwa mpanda. Pampandapo panatsala mpata wopanda choti munthu n'kutseka.

A Ackroyd anaima akupukuta dazi lawo. Mdima usanagwe sakanafikanso kumene ankapita.

"Nanga anawa?" anafunsa.

Mayi Raine anatola kamwana kamodzi n'kukaika pachifuwa pa mkuluyo.

"Kunyumba kuli mabotolo ndi mkaka. Manja anuwo amakonda ntchito imene sanatumidwe. Lero ndawatuma."