Zotsatira zanga zinatulukira ku chigayo

Usiku watha ndinalota zotsatira za mayeso a Fomu 4 zatuluka, ndipo anzanga, mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Inu odziwa maloto werengani mpaka kumapeto, musangodumpha n'kundilembera kuti "zikhala bwino" ayi. Koma ndiyambe ndakuuzani za Sungeni, chifukwa popanda iyeyo malotowa simuwamva.

Ine mayesowa ndalemba kachiwiri. Ulendo woyamba ndinagwa Chingerezi, ndiye ndinakhala pakhomo chaka chathunthu, kenako n'kubwerera kusukulu ya masana ija timati openi. Amayi ananeneratu poyera kuti, "Iwe Nafe, ulendo uno ndi womaliza. Zikakanikanso ubwere tizigulitsa limodzi tomato." Sananene mokalipa, koma ndinamva. Ku openiko n'kumene ndinadziwana ndi Sungeni. Iye Chingerezi chimangotuluka ngati madzi a pampope, koma akangoona Masamu mutu umaima. Ine Masamu ndi ndiwo zanga, Chingerezi ndiye mdani. Tinapangana, mpaka kugwirana chanza: Lolemba ndi Lachitatu ine ndizimuphunzitsa Masamu, Lachiwiri ndi Lachinayi iye azindiphunzitsa Chingerezi.

Lolemba ndi Lachitatu mtsikana ameneyu sanajombepo. Mvula igwe bwanji, amafika ndi ambulera. Koma likangokwana Lachiwiri, ati kuli kwaya. Lachinayi, ati mutu. Akabwera ndiye amati, "Iii Nafe, tingomaliza kaye samu ya dzulo ija, Chingerezi n'chosavuta, tiona mawa." Chaka chonse anandichongera chimangirizo chimodzi chokha, ndipo anaseka mpaka misozi. Inenso ndinaseka nawo, chitsiru ine. Sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Basi, mwamudziwa. Tsopano imvani malotowo.

Ndinalota dzuwa likuswa mtengo, anthu akuthamanga mumsewu, akuti zotsatira zatuluka koma chaka chino sakumata pabolodi kusukulu, akuperekera ku chigayo cha pamsika. Ine osadabwa n'komwe. Ndinangolonga makope anga onse m'thumba la fetereza, n'kusenza, ulendo. Kulemera kwake ngati chimanga chosauma.

Ndiye nditafika ndinapeza mzere wautali, kalasi yathu yonse, aliyense ndi thumba lake. Woyendetsa chigayocho anali a hedi athu, atavala suti yawo ya tsiku lotsekera ija, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze. Dongosolo lake linali lakuti uthire makope ako pamwamba, chigayo chilire, ndiye pansi potulukira ufa patuluke pepala la zotsatira zako. Aliyense ankaona ngati ndi mmene zimakhalira chaka chilichonse.

Kutsogolo kwanga kunali Sungeni. Iye analibe thumba, anangonyamula kajumbo kakang'ono. Atatsala pang'ono kufika anacheuka n'kunena kuti, "Nafe, tandibwereka kope lako la Masamu lija ndithire nalo, langa ndaiwala." Ndinamupatsa. Osaganiza kawiri, abale, ngakhale kutulo ndinamupatsa. A hedi anathira, chigayo chinalira, pepala n'kutuluka. Anawerenga mokweza kuti Sungeni Chingerezi wapeza 1, Masamu 2, mapointi onse 14. Anthu anaomba m'manja, koma amene analumpha kuposa onse ndi ine. Masamu 2! Mtsikana amene ndinamupeza akulira ndi mafulakishoni! Iye anatenga pepala lake, kulikuntha ufa, n'kundidutsa pafupi osandiyang'ana. Ndinati mwina fumbi lamulowa m'maso.

Kenako inakwana nthawi yanga. Ndinakhuthula makope onse, a hedi n'kufunsa kuti la Chingerezi lili kuti. Ndinalipeza pansi penipeni pa thumba. Atalitsegula, masamba onse oyera. Pamwamba pokha ndi pamene panali polemba, ndi dzanja langa lomwe, mzere wa rula pansi pake: Lachiwiri. Tsamba lina, Lachinayi. Lina, Lachiwiri. Mpaka kumapeto kwa kope. A hedi anapukusa mutu n'kuliponya momwemo. Chigayo chinatsokomola kawiri n'kuzima. Anthu akumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti ndi uyu wathira zopanda kanthu, watiphera chigayo. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kenako ndinangopezeka ndili mu holo imene tinalembera mayeso, koma denga panalibe, madesikinso munalibe. Munali zingwe zoyanikira zovala kuchoka khoma ili kufika khoma ilo, mapepala a zotsatira atawayanika ndi mapegi, akudontha madzi. Ndiye ndinayamba kufufuza nambala yanga. Ndikati ndaiona, mphepo imatembenuza pepala. Ndinazungulira mpaka miyendo kuwawa, n'kulipeza kumapeto kwenikweni, pakona pamene ndinakhala tsiku la mayeso a Chingerezi.

Ndinayamba kuwerenga. Masamu 1. Bayoloje 2. Fizikisi 2. Ulimi 2. Kemisitire 3. Chichewa 3. Ndinawonkhetsa ndi zala ngati mwana wa Sitandade 2, n'kupeza 13. Kwa inu amene munaiwala za sukulu, mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, ndiye kuti ndinali nditamuposa ngakhale Sungeni. Mtima unayamba kuvina. Kenako maso anatsikira pansi pa pepala. Chingerezi 9. Yofiira, yaikulu kuposa manambala ena onse, ngati analemba ndi chala choviika mu utoto.

Ndili chiimire choncho anatulukira amayi, atasenza beseni la tomato. Amayi anga sukulu sanapite nayo patali, zamagiredi sazitsata. Anatula beseni, kundilanda pepala, kuliyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo atafika pa 9 paja anaimba nthungululu. Ati mwana wanga wapeza yaikulu kuposa zonse! Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuvina pakati pa holo. Azimayi anzawo a kumsika, sindikudziwa kumene anachokera, analowa nawo m'bwalo. Ine ndikuwakoka dzanja kuti amayi taimani, iwo kumangondikankha mwachikondi kuti iwe usachite manyazi, tasiya tikunyadire. Pa maloto onsewa, apa ndi pamene panandiwawa ngati andithira madzi otentha.

Ndiye nditacheuka ndinaona a hedi atakhala patebulo lalitali, tsopano atasamba, ufa palibe, kutsogolo kwawo kuli mulu wa masatifiketi ndi chidindo. Ndinagwada pansi n'kuwalozera 13 yanga papepala limene linali m'manja mwa amayi. Sanaiyang'ane n'komwe. Anati, "Chingerezi chikagwa chagwetsa zonse, mwana wanga. Iwe ukudziwa, si koyamba. Satifiketi palibe." Ndinawachonderera, ndinalira, ndinati taonani Masamuwo. Kenako anatsegula buku lalikulu lakuda n'kunena kuti chaka chino kwabwera lamulo latsopano: pakapezeka munthu mmodzi woikira umboni kuti mwanayu Chingerezi ankachifuna koma anasowa womuthandiza, 9 ija aifufuta.

Ha! Ndinadzuka pansi paja ndikuseka. Ndinati zatheka basi, mboni ndili nayo. Nthungululu zinasiya, anthu onse n'kutembenukira kuchitseko.

Panja panaima lole, yodzaza ana opita ku koleji, ndi matilesi ndi ndowa zawo. Pamwamba penipeni panakhala Sungeni, pa sutikesi yatsopano, atavala diresi yoyera ya anamwino. Apa mumvetse bwino. Za unamwino ndi zanga ine. Ndakhala ndikuzilakalaka kuyambira ndili ku pulayimale, ndipo ndinamuuza iye yekha. Iye amati akaona magazi amachita chizungulire. Koma ndi uyo, diresi yomukwana bwinobwino, kawotchi pachifuwa.

Ndinamuitana. "Sungeni! Sungeni, tatsika kaye uwauze a hedi za pangano lathu lija!" Anandiyang'ana kuchokera pamwamba pomwepo, n'kuyankha mu Chingerezi, chothamanga, cha m'mphuno, chimene sindinatolepo ngakhale liwu limodzi. Ndinachita kufunsa a hedi kuti akuti chiyani. Iwo anavula magalasi n'kumasulira modekha: "Akuti pangano la Chingerezi sakulikumbuka. Akuti iwe unkangokonda kuphunzitsa Masamu, ndiye iye ankabwera pokumvera chisoni."

Pokundimvera chisoni! Ine! Abale inu, ukali umene unandigwira sindinaumvepo ndili maso. Ndinafuna kukuwa kuti ndani anakuphunzitsa kugwira kampasi, ndani ankasiya zovala pa dambo n'kuthamangira iwe, ndani anakulembera mafomula onse pa katoni kuti upachike kuchipinda kwako. Koma sindinapeze mpata. Lole inaliza injini n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, moti nkhope ya Sungeni ndinkaiona nthawi yonseyo. Anatulutsa chitumbuwa m'thumba n'kuyamba kudya. Kenako anakweza dzanja kubayibitsa, ine n'kukweza langa, mwa uchitsiru womwe uja, kenako n'kuzindikira kuti akubayibitsa munthu wina kumbuyo kwanga.

A hedi anatseka buku lawo kuti phwa. Mapepala onse pazingwe paja anali atachoka, kunatsala langa lokha m'manja mwa amayi. Anali atasiya kuvina, thukuta lili kamukamu, akundiyang'ana nkhope. Anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ukulira chiyani, Nafe? Yaikuluyi si yabwino?" Ndinadziwa kuti palibenso wina woti awauze, ndi ine ndemwe. Ndinakoka mpweya, kutsegula pakamwa.

Go go go! Chitseko. Ndinadzidzimuka, pilo yonse yanyowa, kunja kwacha kalekale. Anali amayi, enieni tsopano, akugogoda kuchipinda kwanga. "Iwe Nafe, ukugonabe? Sungeni ali panja. Akuti wamva kuti zatuluka, mupitire limodzi kusukulu."

Apa sindikulotanso ayi, anzanga. Ndawauza amayi kuti amuuze ndikusamba. Ndikulemba izi nditakhala pabedi, ndipo ndikumumva pakhondepo akuseka ndi amayi, kuseka kwake komwe kuja. Ndikudziwa kuti maloto ndi anga, iye sanakwere lole iliyonse, sanandikane pamaso pa munthu. Mwina akundidikira ndi mtima woyera. Koma za kope lopanda kanthu zija malotowa sananame, ndipo ndikudabwa kuti zinatengera tulo kuti ndizione. Chaka chonse munthu akundidyera masuku pamutu, ine ndikumuthokoza kuti wabwera.

Ndiye tandimasulirani, inu odziwa. Chigayo kuzima pa nthawi yanga ndiye kuti chiyani? Ena mumati maloto amatembenuka, ukalota walephera ndiye kuti wakhoza. Ngati zili choncho, nanga kukanidwa kuja nakonso kutembenuka? Diresi yoyera ija ikutanthauza kuti malo anga atenga wina, kapena ndi nsanje yanga chabe? Musandinyengerere, neneni mmene mukuonera.

Ndipo yankhani msanga, amayi agogodanso kachiwiri. Ndipite naye kapena ndizembere kuseri ndipite ndekha? Chifukwa ngati 9 ija ilipodi pabolodipo, sindikufuna kuti woyamba kundikumbatira n'kunena kuti pepa akhale iyeyo.