Che Sufiyani ndi matabwa oyalula

Ku Utale kulibe amene sawadziwa Che Sufiyani, okonza njinga aja, amene amamva kulira kwa galimoto agalu asanayambe n'komwe kuuwa. Makutu amenewo sanabadwe nawo ayi. Anawanola chaka cha njala, mvula itadula chimanga chili m'mawondo.

Chaka chimenecho mwana wawo Zuberi, amene amakongoletsa pansi m'nyumba za mabwana ku Joni, anaimba foni. Anati abwana ake amupatsa zotsala pa ntchito, matabwa a pulasitiki ooneka ngati mlombwa wopala, ndipo akufuna kutumiza. Koma alipo a mitundu iwiri. Ena ndi omata ndi guluu, ukamata wamata, adzukulu adzawapeza pomwepo. Ena ndi ongolowetsana m'mphepete, amalira kuti kha, ndipo ukafuna umayalula ngati mphasa.

"Omatawo!" anatero akazi awo, mayi Mwanaidi. "Simenti yathuyi yang'ambika kuposa zidendene zanu. Timate tiiwale."

Che Sufiyani anatseka foni ndi chikhatho. "Mayi a Zuberi, mwaiwala kuti kukubwera kalembera wa chimanga cha thandizo? Alowe muno aone pansi pakuwala ngati ku banki, atilemba? Adzati tizinyambita pansipo."

Apa bambo sanalakwe kwenikweni. Pakhomopo ankadya mango aawisi owiritsa, m'mawa mango, madzulo mango, mpaka mano kuyayamira. Dzina lawo likanasowa m'kaundula, zikanavuta ndithu. Choncho anasankha oyalula.

Katundu anafika, anayala, nyumba n'kukongola mochititsa manyazi. Anthu ankavula masilipasi adakali pamsewu. Ngakhale nkhuku inkafika pakhomo, kusuzumira, n'kubwerera mwaulemu.

Mavuto anayamba Lachitatu lotsatira. Che Sufiyani anamva injini chapatali, n'kutaya sipanala. "Afika! Yalulani!" Anayalula thukuta lili kamukamu, matabwa onse n'kuwakankhira kunsi kwa bedi, kuti simenti yong'ambika ija iwachitire umboni. Inali galimoto ya ogula mbuzi. Tsiku lina inali ambulansi. Lina anali mwini chigayo akungoyesa injini yake kuti isachite dzimbiri.

"Mwezi uno ndayalula nyumba kasanu ndi kawiri, m'mimba muli mango okhaokha," anadandaula mayi Mwanaidi. "Anzanga anakwatiwa ndi anthu, ine ndinakwatiwa ndi mpingo wosamukasamuka."

"Dekhani, mudzandithokoza mukupeta."

Tsiku lenilenilo kunalibe injini iliyonse. Wolemba maina, mayi wina wamfupi dzina lake Martina, anabwera wapansi, ambulera kumanja, kaundula kukhwapa. Che Sufiyani anangomuona ali kale pakhomo loyandikana ndi lawo, ndipo anamva mnzawo akudandaula kuti mayiyo akusuzumira ndi kunsi kwa bedi komwe, kufuna matumba obisa.

Kunsi kwa bedi kwafa! Nanga kuti? Maso awo anagwera pa nkhokwe, imene chaka chonse inali chogona abuluzi. Anayalula mwa liwiro loti Zuberi akanaona akanawalemba ntchito, n'kuponya zonse m'menemo.

Martina analowa, anaona ming'alu ya simenti, anagwedeza mutu, anasuzumira kunsi kwa bedi. Che Sufiyani anali pambuyo pake, nkhope ataikwinya ngati munthu amene sanaonepo chabwino chibadwire.

"Tsopano tione nkhokwe."

"Iyayi mayi, musavutike, mulibe kanthu."

"Ndione kupanda kanthuko."

Martina anakwera pamtondo n'kusuzumira. Kenako anasolola thabwa limodzi, kuligogoda, kulinunkhiza.

"Bambo, mbewu imeneyi munadzala mwezi wanji?"

Che Sufiyani anayang'ana kumwamba ngati yankho likubwera ndi mitambo. Mayi Mwanaidi ndi amene anaphulika, n'kuulula zonse: foni, guluu amene anakanidwa, ogula mbuzi, chigayo, msana wawo. Martina anaseka mpaka anatsika pamtondo n'kukhala pansi.

"Nkhani ya matabwa anuwa ndaimva m'makomo anayi, wina mpaka anandionetsa m'mene mumathamangira," anatero akupukuta misozi. "Ine sanandituma kudzalemba pansi. Mphika uwo muli chiyani?"

Anavundukula yekha, n'kupeza mango anayi akusambira m'madzi. Kuseka kunatha. Anafunsa kuti pakhomopo amadya anthu angati, analemba dzina, n'kutambasula ambulera yake.

Che Sufiyani anamuperekeza mpaka kumsewu, akuthokoza m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Pobwerera anapeza akazi awo atagona pa simenti yozizira, chitenje kumutu.

"Mayi a Zuberi, tatulukani m'kaundula wa anthu ovutika tiyale nyumba."

"Yalani nokha," anayankha osavundukula nkhope. "Ine ndalembedwa kale kuti ndine wofooka ndi njala."