Mkeka wa ku Samoa umene ndinasinthitsa kwa wopha mbuzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tambala wopunduka. Boma la Chitaganya linali litangoyamba kumene, ine ndili ndi ndevu zitatu, ndikugulitsa nkhuku m'mbali mwa msewu pa Namitete. Mzungu wina anaimitsa lole nafunsa mtengo. Tambalayo ndinamugwira mwakuti mwendo wopindikawo unabisala m'khwapa mwanga, ndipo tinakanganirana mpaka mzungu anatopa nagula. Mawa lake anabweranso. Ndinali nditaona kale kothawira, koma iye anangoti, "Iwe tambwali, bwera uzindigulira mtedza. Kuli bwino uzichenjerera ena kusiyana ndi ine."

Sitolo yake inali panjira ya ku Nsaru. Anthu ankamutcha Bwana Ngole chifukwa ngole, zimene ena amati kokonati, sizinkachoka pakamwa pake. Asanabwere kuno anakhala zaka zambiri ku Samoa, zilumba za pakati pa nyanja yaikulu yamchere, akugula ngole zouma zoyengera mafuta. Kwa iye mtedza wathu unali masanje chabe.

Ntchito inali yotere. Mayi akatula dengu, ndinkapisa dzanja mpaka pansi, poti mchenga ndi timiyala sizikhala pamwamba. Ndinkaluma njere zingapo: mtedza wouma umalira pa dzino, wowazidwa madzi kuti ulemere umangoti phwatata. Kenako kupeta ndi lichero, kuthira m'chiguduli, kukoleka pa sikelo ya mbedza, n'kusoka kukamwa kwa thumba ndi singano yaikulu ndi chingwe cha khonje. Wonyowa tinkauyanika pa mikeka kuseri kwa sitolo.

Mkazi wa bwana sanali mzungu. Anali Dona Mele, wa ku Samoa komweko, wathupi, tsitsi lofika m'chiuno, ndipo Chinyanja anachigwira msanga kuposa mwamuna wake. Ankakhala nafe posankha mtedza n'kumatisimbira za kwawo: phiri kumbuyo, nyanja kutsogolo, mudzi wapanikizika pakati. Mvula chaka chonse. Nyumba zopanda makoma, mizati ndi denga basi.

"Nanga akuba, Dona?" ndinafunsa tsiku lina.

"Athawira kuti? Kulikonse n'kumadzi."

Ankati boma kwawo ndi la Amereka, bwanamkubwa amakhala pa doko la Pangopango, koma nthaka ili m'manja mwa amatai, akuluakulu amene banja lililonse limadzisankhira lokha. Amadya koko, nthochi ndi nsomba, ndipo abale ake anali atalemba kuti padokopo atsegula fakitale yoika nsomba m'zitini. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi. Chinthu chimene sindingachigulitse sichinkandilowa m'mutu.

Tsiku lina la msika m'mwezi wa Ogasiti bwana anati, "Faisoni, mikeka yoyanikira yatha ntchito. Tenga yakale yonse ukasinthitse ku Msundwe." Ndinatolera ya kuseri. Ndikudutsa pakhonde la nyumba ndinaona winanso utayalidwa padzuwa: wofiirira ngati fodya, wofewa ngati nsalu, wazigamba, m'mphepete muli tinthenga tofiira tothothokathothoka. Ndinati nsanza yoposa zonse ndi imeneyi. Ndinapinda, kumanga panjinga, ulendo.

Ku Msundwe kunali aGwaza, oluka mikeka, amenenso ankapha mbuzi masiku a msika. Anaponda katundu wanga ndi phazi.

"Mphwanga, izi ukanangokolezera moto."

Koma ndinaona zala zawo zikubwerera pa wofewa uja. Wamalonda saphonya zimenezo. Ndinayamba kumanganso katundu ngati ndikupita, iwo n'kundigwira mkono. Mapeto ake anawonjezera mkeka umodzi watsopano chifukwa cha nsanza ija. Ndinabwerera ndikuimba mluzu, ndikudzifunsa kuti Mulungu anapatsiranji munthu mmodzi nzeru zonsezi.

Ndinapeza Dona Mele akugudubuza matumba ndi manja ake, tsitsi lili balala. Atandiona anangofunsa kamodzi za mkeka wa pakhonde uja. Nditayankha, anakhala pansi pafumbi.

Apo m'pamene ndinamva zimene khutu lachiwiri linkataya. Kwawo mkeka wotere sagonera, sakhalira, sauponda. Akazi amang'amba masamba a mtengo wina kukhala timizere topyapyala ngati ulusi, n'kuluka chaka chathunthu kapena kupitirira. Ndiwo chuma chawo, monga ng'ombe kwa Angoni. Umatuluka paukwati, pamaliro, ndi poika matai watsopano, ndipo kukalamba kwake ndiko kukwera kwake. Uwu unadutsa m'manja mwa mibadwo ya kwa bambo ake a Dona. Kalata inali itafika yoti bambowo ali kayakaya, ndipo Dona anauyanika kuti uchoke fungo la m'bokosi, aunyamule popita. Mwana wamkazi wofika pamaliro a bambo ake wopanda mkeka amachititsa manyazi banja lonse pamaso pa mudzi.

Ndinapalasa njinga kubwerera ku Msundwe ngati ndikuthamangitsidwa ndi njati. Cholakwa chachiwiri chinali chimenecho: ndinafika thukuta lili kamukamu. Munthu wofuna kugula sasonyeza ludzu, ine mwini ndinkaphunzitsa anzanga zimenezo.

Mkeka ndinauona ndili patali. Unayalidwa pansi pa mtengo wopachikapo mbuzi, ndipo pamwamba pake panali matumbo, mapapo, mutu wotong'ola maso, ndi chifu chong'ambidwa, chipwidza chikuyenderera. Magazi anali atalowerera pakati ponse. Ntchentche zobiriwira zija zinkachita kumveka ngati mpingo ukuyimba. Ngodya imodzi inali itadulidwa ndi mpeni.

"Ndakulungira chiwindi cha aphunzitsi," anatero aGwaza. "Bwanji, wausowa?"

"Ayi, ndimangodutsa."

"Odutsa sapuma chonchi, mphwanga."

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinanyoza mkekawo, ndinayamba kuchoka, ndinatchula ngakhale apolisi. Iwo ankangonola mpeni. Ndinachoka pamenepo wopanda jekete, wopanda nsapato zanga zoyamba m'moyo, nditalonjezanso kubweza mkeka wowonjezera uja. Anakutumulira matumbo pa tsamba la nthochi n'kundiponyera chinthucho chikudontha. Panjira agalu awiri anandiperekeza mpaka pa mlatho.

Bwana atauona anatseka mphuno ndi kampango. "Chitsiru! Ukudziwa kuti ku Ulaya nyumba zosungira zakale zikanaulimbirana?" Mkazi wake ali chogwada pambali, akutola tinthenga tomatirira magazi, iye akulira za ogula a ku Ulaya. Ndinanyansidwa naye, kenako ndinakumbuka kuti ine ndinaugulitsa kale m'mawa. Tinali mbalame za mtengo umodzi, kungoti iye ankadziwa mtengo weniweni wa mkekawo.

Bwana anati ndilongedze, ndipo ayitana apolisi. Dona ndiye anakana.

"Kwathu wolakwa sathamangitsidwa," anatero. "Amabwera m'bandakucha, akhale pabwalo, afunde mkeka kumutu. Ayembekeze. Wolakwiridwa akafuna, amuvundukula. Akapanda kufuna, wapanda."

"Ndifunde uti, Dona?"

"Kodi ndili ndi wina?"

M'mawa mwake ndinakhala pansi kutsogolo kwa khonde n'kudzivundikira. Usiku umodzi unali utakwana kuti magazi ndi chipwidza zigwirizane. Dzuwa litakwera, fungo linandilowa mpaka m'mano. Ntchentche zinapeza njira pa ngodya yodulidwa ija. Ndinasanza kamodzi, mwakachetechete, pakati pa miyendo yanga. Amayi a mtedza anayamba kufika ndi madengu, ndipo ndinkawamva.

"Kodi gule watuluka m'mawa uno?"

"Ndi aFaisoni awo. Apisenitu dzanja, muone ngati pansi palibe mchenga!"

"Alumeni, mwina ngonyowa!"

Aliyense amene ndinamubwezapo ndi dengu anapeza tsiku lake. Ndinkangoona kuwala kudzera m'timipata ta ulusi, ndipo poti ndinalibe china chochita ndinayamba kuuyang'ana ulusiwo. Unali wolingana ngati woyeza, mzere uliwonse, mkeka wonse. Ine wodziwa kupeza kamwala pansi pa dengu ndinaunyamula mtunda wonse uja osaona zimenezo.

Dzuwa litapendeka ndinamva mapazi. Mkeka unanyamuka pang'onopang'ono, mphepo n'kundiwomba kumaso. Dona Mele anali atavala zoyera, maso otupa.

"Dzuka, Faisoni. Kasambe. Ukadye."

Ntchito sinathe. Koma mkeka unatha. Dona anautsuka masiku atatu ndi madzi ofunda, banga silinachoke, nthenga zonse zinagwa. Bambo ake anamwalira mvula isanagwe, ndipo Dona sanapite. Anati bola anthu anene kuti nyanja inamukanika kusiyana ndi kumuona akulowa m'mudzi manja ali lendelende. Sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho chinkandiwawa kuposa ndodo.

Ndagula ndi kugulitsa zinthu moyo wanga wonse, ndipo sindinama, ambiri ndawadyera masuku pamutu. Koma kuyambira chaka chimenecho, ndikapeza chinthu chakutha chimene mwini wake akuchisungabe, sindiyamba ndi kutchula mtengo. Ndimayamba ndafunsa kuti, "Pepani, kodi ichi n'chiyani kwa inu?"